Nati Imodzi Pakati pa Tayala

Pa 23 May 2021, pa mpikisano wa magalimoto a Formula 1 ku Monaco, Valtteri Bottas wa timu ya Mercedes anali pa nambala yachiwiri pamene anapatuka kukasinthitsa matayala. Ntchito imeneyi amaimaliza m'masekondi awiri kapena atatu. Tsikulo matayala atatu anachoka bwinobwino, koma lakutsogolo kumanja linakanirira. Mfuti yomasulira inalowa mopendekeka pang'ono n'kupala mano onse a nati mpaka kusalala, moti panalibenso poigwira. Mpikisano wa Bottas unathera pomwepo, ndipo natiyo anakaichotsera kufakitale ya timuyo ku Brackley, ku England, patapita pafupifupi masiku awiri. Zaka zitatu m'mbuyomo, ku Melbourne mu 2018, magalimoto onse awiri a timu ya Haas anaima m'mbali mwa msewu ali pa nambala 4 ndi 5, chifukwa manati anamangidwa mopingasa mazinga. Amene analakwitsawa si ophunzira ntchito ayi. Ndi amakaniko amene amayeserera kusintha matayala mobwerezabwereza chaka chonse, ali ndi zida zapamwamba zedi. Ndayamba ndi iwowa chifukwa nati imodzi yapakati pa tayala lero ikupezekanso pa magalimoto othamanga oyenda mumsewu wamba, monga Porsche 911 GT3, ndipo eni ake ena amafuna kuimasula okha pakhomo akamasintha madisiki a mabuleki.

Maganizo anga ndi oti ntchitoyi munthu akhoza kuigwira pakhomo, ndipo mulibe matsenga m'menemo. Koma mtsutso woti kodi ndi bwino pakhomo kapena kugalaja umatisocheretsa. Chimene chimasiyanitsa ntchito yabwino ndi ntchito yoika moyo pachiswe ndi kuyeza: kuyeza mphamvu yomangira nati, kuyeza kunenepa kwa disiki, kuyeza ngati disikiyo ikuzungulira mowongoka. Amene alibe zida zoyezera, kapena ali nazo koma amakhulupirira dzanja lake kuposa buku la galimotoyo, asaikhudze ntchitoyi, kaya ali pakhonde pa nyumba yake, kaya ali m'galaja ya chikwangwani chachikulu.

Tione kaye kumene nati imeneyi inachokera, pakuti mbiri yake ikutiuza amene inapangidwira. M'zaka zoyambirira za m'ma 1900, kampani ya Rudge-Whitworth ya ku Coventry inatulukira tayala la masipoko lotha kuchotsedwa msanga, logwidwa ndi nati imodzi pakati. Misewu ya nthawiyo inkaboola matayala kawirikawiri, choncho aliyense ankafuna njira yachangu. Kenaka natiyo anaiika makutu oti munthu aziimenya ndi hamala ya mkuwa kapena ya mtovu, ndipo mazinga a mbali imodzi ya galimoto ankayenda mosemphana ndi a mbali inayo kuti tayala likamagudubuzika natiyo izidzimanga yokha. Magalimoto otchuka a m'ma 1960, monga Jaguar E-type, anali ndi manati oterewa, mpaka malamulo a chitetezo a ku America chakumapeto kwa zaka zimenezo analetsa makutu otuluka kunjawo. Pamsewu wamba manati anayi kapena asanu ndiwo anakhazikika, koma m'mipikisano nati imodzi inatsala, pa chifukwa chimodzi chokha: nthawi. Mu 2023, ku Qatar, timu ya McLaren inasintha matayala onse anayi m'masekondi 1.8. Ngakhale mpikisano wa NASCAR wa ku America, umene unakakamira manati asanu kwa zaka zambirimbiri, unasinthira ku nati imodzi mu 2022. Koma kumpikisano natiyo siikhala yokha. Kumbuyo kwake kuli gulu la anthu amene amaitsuka, kuiunika, kulemba mtunda umene yayenda, ndi kuitaya nthawi yake ikakwana ngakhale ikuonekabe yabwino.

Porsche inaika nati yapakati pa Carrera GT mu 2003, kenaka pa 911 GT3 mu 2009, ndipo makampani ena monga Lamborghini nawonso amaiika pa magalimoto awo ena. Kunena chilungamo, pa galimoto ya mumsewu phindu lake lalikulu ndi maonekedwe. Palibe amene amakuwerengerani masekondi pakhomo panu, ndipo kumanga nati imodziyi motsata ndondomeko yake kumadya nthawi yambiri kuposa kumanga manati asanu. Chimene chatayika ndiye chachikulu. Pa tayala la manati asanu, imodzi ikakhwepa zinayi zimagwirabe. Tayala limayamba kugogoda, chiwongolero chimanjenjemera, woyendetsa amapeza mpata woima. Pa nati imodzi mpata umenewo ndi wochepa kwambiri. N'chifukwa chake Porsche inaika mkati mwa habu, chitsulo chimene tayala limakhalapo, kachotsekera kamene kamakankhidwira mkati sipanala ikalowa, ndipo kamayenera kubwerera kunja n'kulumana ndi mano a nati sipanalayo ikachoka. Kakapanda kubwerera, nati ilibe choiletsa kumasuka. Kuona ngati kabwerera kumatenga masekondi ochepa chabe, koma n'kosavuta kuiwala, popeza kachivindikiro kakaikidwa pamwamba pake sikaonekanso. Choncho mwini galimoto amene waganiza zomasula nati imeneyi pakhomo adziwe kuti wasenza yekha udindo umene kumpikisano umagawidwa kwa gulu lonse.

Tsopano tibwere ku manambala. Mphamvu yomangira nati amaiyeza m'ma newton metre. Manati a galimoto wamba yaing'ono, monga Toyota Corolla, amamangidwa pa ma newton metre ongopitirira 100 pang'ono. Nati yapakati ya 911 GT3 imafuna 600. Kuti mumvetse kukula kwake, ndi mphamvu imene munthu wolemera makilogalamu 60 angaipereke atalendewera ndi thupi lake lonse kumapeto kwa sipanala yotalika mita imodzi. Sipanala ya m'buti singafike pamenepo. Pamafunika torque wrench yaikulu, yotalika kuposa mita, imene imalira kuti "tche" muyeso ukakwana, kapena chida cha magiya chochulukitsa mphamvu ya dzanja. Ndipo ndondomeko yake ili ndi magawo atatu: kumanga mpaka 600, kumasulanso madigiri 60, n'kumanganso mpaka 600. Kumanga koyamba kumakhazika rimu pamalo pake ndi kufalitsa girisi; kwachiwiriko ndiko kwenikweni. Zonsezi zimachitika tayala lili m'mwamba, lisanagunde pansi. Galimoto ikatsika pa jeke nati isanamangidwe, kulemera kwake kumapendeketsa rimu, mbali yosongoka ya nati imaluma mopendekeka, ndipo torque wrench imalira kuti muyeso wakwana rimu isanakhale bwino pa habu. Munthu amachokapo mtima uli m'malo, koma akangoyenda makilomita angapo rimu imakhazikika, nati n'kutsala yokhwepa. Popeza tayala lili m'mwamba limazungulira, pamafunika munthu wachiwiri woponda buleki mwamphamvu, kapena chida chotsinira pedulo, ndiponso masitandi olimba pansi pa galimoto, chifukwa mphamvu ya 600 ikhoza kugwetsa galimoto imene yangokhala pa jeke.

Pali amakaniko aluso lenileni amene anganene kuti zaka makumi awiri akumanga matayala dzanja lawo limadziwa lokha pamene nati yagwira. Luso lawolo sindikulinyoza, ndipo pa ntchito zambiri dzanja lozolowera limaposa buku. Koma pa nati iyi dzanja limanamizidwa ndi chinthu chimene silingachione. Akatswiri a mabawuti amadziwa kuti mwa mphamvu yonse imene munthu amaika pa sipanala, pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 amathera pa kukhulana kwa zitsulo, m'mazinga ndi pansi pa mutu wa nati. Gawo limodzi lokha ndilo limakoka nati kuti ifinye rimu. Tanthauzo lake n'lakuti kukhulanako kukasintha pang'ono, kufinyako kumasintha kwambiri, pamene dzanja likumva kulimba kofanana. N'chifukwa chake muyeso wa 600 umayendera limodzi ndi girisi wake, phala la aluminiyamu la kampani ya Castrol limene Porsche inalitchula m'buku lake, lopakidwa m'mazinga ndi pa mbali yosongoka ya nati. Mukamanga pouma, torque wrench ilira msanga rimu isanafinyidwe mokwanira. Mukapaka girisi wina woterera kwambiri, muyeso womwewo ukoka nati mopyola malire. Ndipo pamene rimu imagundana ndi chitsulo cha kuseri kwake sipafunika girisi konse, pakuti kukhulana kwa pamenepo ndiko kumathandiza kupereka mphamvu ya injini ndi ya mabuleki ku tayala, mothandizana ndi timapini tolowa m'mabowo a kuseri kwa rimu. Zonsezi dzanja silingazilote. Zimadziwika powerenga basi. Onjezanipo kuti magalimotowa safanana: pa Carrera GT manati a kumanzere ndi ofiira, a kumanja ndi a buluu, ndipo mazinga awo amasemphana. Wozolowera mtundu umodzi akhoza kulimbana ndi nati akuganiza kuti akumasula, chonsecho akuimanga.

Ena amati kumangitsa kwambiri sikulakwika, bola nati isamasuke, ndiye amatenga mfuti ya mphepo ya kumalo okonzera matayala. Apa yankho ndi lalifupi. Chitsulo chikakokedwa kupyola malire ake sichibwereranso, ndipo chimayamba ming'alu yosaoneka ndi maso. Mfuti yogogoda imawononganso kachotsekera kaja, ndipo Porsche imaletsa kuigwiritsa ntchito pa manati amenewa.

Disiki yeniyeniyo, imene ndiyo yachititsa kuti tayala lichotsedwe, ntchito yake ndi yosavuta poyerekeza ndi nati, ndipo imafanana ndi ya galimoto iliyonse ya madisiki, ngakhale zimene timayendera tsiku ndi tsiku. Kuyambira pamene Jaguar C-type inapambana mpikisano wa Le Mans mu 1953 ndi mabuleki a madisiki a Dunlop, mfundo yake sinasinthe: mapadi amatsina chitsulo chozungulira, liwiro limasanduka kutentha. Liwiro likawirikiza kawiri, kutenthako kumawirikiza kanayi, ndiye n'zosadabwitsa kuti pabwalo la mpikisano madisiki amafika pofiira ngati makala. Disiki yopyapyala ilibe chitsulo chokwanira kulandira kutentha kotereku. Muyeso wotsiriza umene disiki ingafike umadindidwa pa disikipo, ndipo umayezedwa ndi micrometer pakati pamene mapadi amadya, osati m'mphepete momwe mumatsala mlomo wonenepa. Madisiki obooledwa timabowo amachita ming'alu kuzungulira timabowoto. Mng'alu ukalumikiza mabowo awiri kapena ukafika m'mphepete, disikiyo yatha ngakhale ikadali yonenepa. Amasinthidwa awiriawiri, kumanzere ndi kumanja pamodzi, ndi mapadi atsopano, ndipo ambiri ali ndi mbali yake chifukwa timipata ta mphepo ta mkati mwake tinapindikira mbali imodzi. Mukawasemphanitsa amakwana bwinobwino, koma sazizira monga anayenera.

Malo amene ntchito ya disiki imawonongekera kawirikawiri ndi pamene anthu sapayang'ana n'komwe: nkhope ya habu, pamene disiki yatsopano ikakhale. Disiki yakale ikachoka pamatsala dzimbiri ndi tizinyalala touma. Kachidutswa kochepa ngati tsitsi limodzi kakatsalira pamenepo, disiki imakhala mopendekeka, ndipo kupendekekako kumakula pofika m'mphepete. Tsiku loyamba simumva kanthu. Koma pa kuzungulira kulikonse mbali yotukukayo imakhudza padi, imadyeka mosiyana ndi mbali zina, ndipo pakatha miyezi ingapo pedulo imayamba kugunda kuphazi. Mwini galimoto amati disiki yapindika ndi kutentha, amatukwana amene anamugulitsa, amagula ina, n'kuiikanso pa dzimbiri lomwelo. Mankhwala ake ndi burashi ya waya, nsalu yoyera, ndi dial gauge yoonetsa ngati disiki ikuzungulira mowongoka. Apa ndipo munthu wa pakhomo, amene alibe mzere wa magalimoto omudikira, angapose galaja yothamangira nthawi. Kalipa, chitsulo chogwira mapadi, nayo isasiyidwe ikulendewera pa paipi yake ya mafuta. Imangiriridwe ndi waya. Mabawuti ake amalowa mu aluminiyamu, chitsulo chofewa, ndipo Porsche imati akamasulidwa aikidwe atsopano. Magalimoto ena ali ndi madisiki a carbon ceramic, amene Porsche inaika pa 911 GT2 mu 2001 ndipo amadziwika ndi makalipa achikasu. Amenewa ndi opepuka, amakhalitsa, koma amabenthuka rimu ikangowagunda m'mphepete, ndipo mtengo wa imodzi ndi woopsa. N'chifukwa chake pochotsa tayala amayamba alowetsa chitsulo chotsogolera pakati pa habu, kuti rimu itsetsereke mowongoka. Kutha kwake sikudziwika ndi kunenepa kokha ayi. Amawayeza pa sikelo kapena ndi chida chapadera cha magetsi. Amene alibe njira yoyezera zimenezi, chigamulo choti disiki yatha kapena ayi achisiyire amene ali nayo.

Mtsutso wamphamvu ndi wa amene amati zonse ndafotokozazi zikungotsimikiza kuti ntchitoyi ndi ya galaja yovomerezeka ndi kampani. Ali ndi mfundo zomveka. Galajayo ili ndi zida zoyesedwa nthawi ndi nthawi, imalandira msanga uthenga kampani ikasintha ndondomeko, ndipo ntchito ikalakwika pali wokamufunsa. Kusintha kwa ndondomeko si nkhambakamwa: pamene 911 GT3 ya 2009 inkatuluka, muyeso unali 500, ndipo unakwezedwa kufika 600 pambuyo pake. Munthu wodalira buku lakale akanamanga mosakwanira, akukhulupirira kuti watsata malamulo. Mu 2011 Porsche inaitanitsa magalimoto a 911 a nati yapakati kuti akakonzedwe chifukwa cha vuto la mahabu lotha kukhwepetsa matayala. Mu 2024 inaitanitsanso ena, oposa 1,800 ku America kokha, a mitundu ya 911, 718 ndi Panamera, chifukwa manati ena akanatha kuthyoka, ndipo eni ake anauzidwa kuti asayendetse magalimotowo mpaka atakonzedwa. Zoterezi munthu wa pakhomo sangazitulukire ndi torque wrench yake. Ndiye ndikuvomera kuti wogwira ntchitoyi pakhomo sayenera kudula ubale ndi galaja ya kampani: azifunsa ngati nambala ya galimoto yake ili pa mndandanda wa oitanidwa, azigwiritsa ntchito ndondomeko yatsopano, ndipo torque wrench yake azikaiyesetsa, pakuti nayonso imasokonekera ikamakalamba.

Koma mfundo zomwezi sizikufika potsimikiza kuti mwini galimoto asaphunzire ntchitoyi. Magalimoto amenewa anapangidwira kuthamanga pa mabwalo monga Nürburgring ku Germany kapena Kyalami pafupi ndi Johannesburg, ndipo munthu amene amapita kumeneko amadya mapadi ndi madisiki mofulumira, amasintha matayala pabwalo pomwepo, ndipo amayenera kuunika manati ake asanalowe m'bwalo. Porsche yomwe inaika malire a mtunda wa pabwalo, woti ukakwana manati ndi mahabu asinthidwe. Amene angawerenge mtunda umenewo ndi mwini galimoto, osati galaja. Komanso tayala silisankha pophulikira. Kuno kummwera kwa Africa magalaja a Porsche ali m'mizinda monga Johannesburg, Pretoria, Cape Town ndi Umhlanga, ndipo pakati pa mizinda imeneyi pali mitunda italiitali. Malo wamba okonzera matayala alibe torque wrench ya 600, alibe girisi uja, mwinanso sanaonepo kachotsekera ka mkati. Mwini galimoto wosadziwa kanthu amangoima poteropo n'kumaonerera mfuti ya mphepo ikulowa pa nati yake. Wodziwa amatha kuletsa, kufotokoza, kapena kumanga yekha. Ngakhale amene sadzagwirapo sipanala, kudziwa ndondomekoyi kumamuthandiza kuzindikira ngati amene wamupatsa galimoto akuchita zoyenera.

Chimene ndimachikayikira ndi cholinga chopulumutsa ndalama. Torque wrench yaikulu, chitsulo chotsogolera, micrometer, dial gauge, masitandi, jeke wotha kulowa pansi pa galimoto yotsika chotere, zonsezi pamodzi zimadya ndalama zimene sizingabwerere pa ntchito imodzi. Zimabwerera kwa munthu amene amachotsa matayala kangapo pachaka. Ndipo mtima wofuna kupulumutsa ndalama ndi womwewo umene umanong'oneza kuti mabawuti akale a kalipa akadali bwino, kuti girisi amene ali pashelefu ndi chimodzimodzi, kuti sipanala yotalikitsidwa ndi paipi ikwanira. Vuto lina la pakhomo n'lakuti palibe wobwera pambuyo panu kudzaunika. Foni ikalira muli pakati pa kumasula madigiri 60 ndi kumanga komaliza, tayalalo limaoneka ndendende ngati lomalizidwa. Njira yake ndi imene amatsata okonza ndege: kulemba magawo onse papepala, kuchonga gawo lililonse la tayala lililonse likatha, ndi kupempha munthu woponda buleki uja kuti aone ndi maso ake kachotsekera kalikonse kachivindikiro kasanaikidwe.

Galimoto ikatsika pansi, ntchito sinathe. Poika mapadi atsopano mapisitoni a kalipa anakankhidwira mkati, choncho pedulo ikapondedwa koyamba imapita mpaka pansi osagwira kanthu. Iyenera kupopedwa kangapo mpaka italimba, galimoto isanalowe giya. Mafuta a mabuleki aonedwe mlingo wake ndi zaka zake, chifukwa amayamwa chinyezi: a mtundu wa DOT 4 ali atsopano sawira pansi pa madigiri 230, koma akayamwa madzi malire ake amatsika kufika cha pa 155, n'chifukwa chake makampani ambiri amati azisinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Kenaka madisiki ndi mapadi azolowerane, pa msewu wopanda anthu: kuchepetsa liwiro mwamphamvu ndithu kangapo motsatizana koma osaima chiimire, kenaka kuyenda mtunda ndithu osaponda buleki kuti zizizire. Kumeneku kumapaka mofanana kansalu kopyapyala ka zinthu za padi pa disiki yonse. Kuima n'kutsina buleki disiki ili yotentha kumadinda chithunzi cha padi pamalo amodzi, ndipo kugunda kwa pedulo kumayambira pamenepo. Pobwerera kunyumba, zitsulo zitazizira, tizivindikiro tichotsedwenso, tizotsekera tonse tinayi tionedwe, ndipo tsiku, mtunda wa galimoto ndi muyeso umene wagwiritsidwa ntchito zilembedwe m'buku la galimotoyo.